Ndinazungulira Maliro pa Tologeti

Uthenga unandipeza m'mwamba, mumtengo wa manachesi. Inde, ine nkhalamba ya mano otsala apa ndi apo, ndinali nditakwera pamphanda, chitenje nditachimanga ngati wowoloka mtsinje, ndikuthyola tija takunsonga timene timapsa msanga. Foni inalira pachifuwa, m'kansalu momwe ndimaimangira. Ndinayankha ndi dzanja limodzi, linalo litakola nthambi. Anali mkamwini wanga wa ku Ntcheu, mwamuna wa mwana wanga wotsiriza.

"Amayi, mwana wanu wachira. Kabwera kamkazi. Onse ali bwino."

Mmene ndinatsikira musandifunse, inenso sindidziwa. Ndinangoona ndili pansi, manachesi ali mbwee, dengu lili uko, nthungululu ikutuluka yokha pakamwa. Ndinavina pansi pamtengo, ndinavina pabwalo, ndinavina mpaka pakhola, mbuzi n'kumandiyang'ana ngati zikufunsana kuti amayiwa lero adya chiyani. Anzanga a pamudzi pathu, kuno kumtunda kwa Matandani, anathamanga poganiza kuti ndalumidwa ndi njuchi. Atamva nkhani yake anataya makasu, tinavina tonse mpaka fumbi linafika pa denga.

Mundimvetse. Mwana wangayu anakhala pabanja zaka ndi zaka kumsana kulibe kanthu. Anzake amene anakwatiwa pambuyo pake anali akusoketsa kale mayunifomu a sukulu, iye akungolera ana a eni. Akabwera kumudzi anthu ankayamba kumupatsa moni pamimba, kenako kumaso. Ndinapemphera ine, ndinapemphera mpaka mawondo anauma ngati a mbuzi. Pakati patabwera, achipatala anamuuza kuti asakwere mapiri athuwa, achirire pafupi ndi iwo. N'chifukwa chake khanda linabadwira kwa eni, kutali ndi manja anga.

Kwathu khanda likabadwa limakhala m'chikuta, ndiye kuti m'nyumba ndi mayi ake, osaona dzuwa, mpaka mchombo utagwa. Tsiku lotuluka, amene amalisambitsa ndi kulinyamula kupita nalo pabwalo ndi gogo wake wobala mayi. Ntchito imeneyo ndi yanga. Ndinaichita kwa ana a mwana wanga woyamba, ndinaichita kwa a wachiwiri, koma iyi ndiyo ndinkaidikira ngati mvula yoyamba. Ndipo pali lamulo lake: munthu amene waponda pamaliro sagwira khanda la m'chikuta tsiku lomwelo. Ayambe wasamba, wagona, kwacha. Abusa amati zimenezi ndi zakale, ndipo kutchalitchi ndimagwedeza mutu nawo limodzi. Koma pa mwana ameneyu, wobwera mochedwa chonchi, ndinati zakale ndi zatsopano zonse ndizisunga, china chikalephera china chigwire.

Ulendo wanga unadalira mwana wa mchimwene wanga, amene ali ndi kapikapu. Iye amagula manachesi m'midzi muno n'kukagulitsa ku Lilongwe, ndipo Ntcheu ndi panjira. Anati azakhali dikirani katundu akwane, ndikunyamulani kutsogolo ngati abwana. M'masiku odikirawo kutsidya kwa mtsinje kunagwa maliro, anthu anaika masamba panjira monga mwa mwambo, kuti wodutsa adziwe, wa njinga atsike, wa chipewa avule. Ine njira imeneyo sindinaiponde. Chipepeso ndinatumiza kudzera kwa mnzanga, kuchigayo ndinkadzera m'madimba, m'madzi ofika m'mawondo. Ndinadzisunga ngati dzira.

M'mawa wa tsiku la ulendo anaimba foni asewere anga, mayi ake a mkamwini. Ndi mayi wa thupi, wa mawu ngati belu, amene moyo wake wonse wagulitsa mumsika, ndipo ife a ku Neno amatitchula kuti a kuseri kwa dziko. Anati mchombo wagwa, mwana atuluka lero. Anati andidikira mpaka dzuwa litapendeka, koma likapendeka ndisanafike amutulutsa okha, pakuti nawonso ali ndi manja. Ndinati asewere, manja anuwo muyambe mwasendera mtedza, ndikubwera.

Ndinavala chitenje chatsopano, mpango watsopano, ndi nsapato zimene zimandiluma koma zimawala. Njira zopita ku Ntcheu zilipo ziwiri, yachidule ya kumapiri ndi yozungulira yotsikira ku Zalewa kukapeza tala. Mvula inali itangosiya, misewu isanapole, ndiye mwana wa mchimwene wanga anati yachiduleyo ingadye galimoto yake, tidzera yaitali. Ngakhale kufika kutalako inali nkhondo. Kapikapu kankalira, kankapendama, manachesi kumbuyo akugubuduka, mutu wanga ukupatsa moni denga. Pamalo ena madzi anali atadula msewu, ndipo amuna a m'mudzi wa pamenepo anali atathira miyala ndi zitsotso za mitengo, n'kupingasa mtengo panjira. Tinawapeza ali thukuta kamukamu, makasu m'manja. Mwana wa mchimwene wanga anawaninkha kangachepe ndi manachesi odzaza chipewa, iwo anachotsa mtengo, tinadutsa. Mmodzi ndinamudziwa, mayi ake tinkatunga nawo madzi tili atsikana, ndiye ndinamuuza kuti mwala wa kumanzere sunakhale bwino. Anati akonza.

Pa Zalewa ndinafikapo kale popita kuchipatala ku Blantyre, koma kukhotera ku Ntcheu kanali koyamba. Tala anatilandira, galimoto inaleka kudandaula, ine nyimbo inandigwira. Ndinaimba za kutchalitchi, ndinaimba za kumtondo, zikatha ndinkapeka zanga, kumutchula mdzukulu amene ndisanamuone. Mwana wa mchimwene wanga ankalankhula zake za mafuta, za matayala, za tologeti, koma ine makutu anali ku Ntcheu kale. Liwu la tologetili ndinkalimva pawailesi, ndipo m'mutu mwanga ndinalijambula ngati chipata cha khola la ng'ombe, mtengo ndi waya basi.

Ndiye tikuyenda, tikuyenda, ndinaona masamba pamsewu. Nthambi zaziwisi, zoikidwa ndi manja a munthu, iyi apa, iyo apo, m'mbali mwa tala. Nyimbo inandithera pakhosi. Patsogolo pang'ono panaima lole yaikulu, amuna atakhala pansi mumthunzi wake, mitu ili pansi. Ndinati awa ndi adzukulu okumba manda, akupuma. Galimoto zonse zinayamba kuyenda pang'onopang'ono, kundandalika ngati nyerere. Bambo wina wa njinga anali atatsika, akuikankha. Kutsogolo kunali chidenga chachikulu chophimba msewu wonse, choposa matenti amene amamanga akamwalira munthu wolemera. Ndipo pansi pa chidengacho galimoto iliyonse inkaima, dzanja linkatuluka pawindo ndi ndalama, wina ankalandira, n'kulemba.

Ndinatembenuka kuti ndifunse mwana wa mchimwene wanga. Ndinamupeza atatsitsa wailesi, atavula chipewa, wachigwira pamiyendo, nkhope ili ndwii.

Mukanakhala inu mukanati chiyani? Masamba alipo, wa njinga watsika, chipewa chavulidwa, chipepeso chikulembedwa. Ndinati kalanga ine, ndazemba maliro a kwathu m'madzi a m'dimba kuti ndidzalowe m'maliro a eni ndi galimoto. Ndipo si maliro wamba, ndi a munthu wamkulu, woti dziko lonse likumupepesa, a minibasi ndi a malole omwe. Tikangolowa pansi pa denga ilo ndaponda pasiwa, khanda sindiligwira lero, asewere alinyamula ine ndikuonera patali ngati mlendo.

Ndinamuuza kuti aime. Anati azakhali pano saima, pirirani pang'ono, kutsogoloku kuli zimbudzi. Pamaliro sakangana. Mzere utangoima ndinatsegula chitseko, ndinavula nsapato, ndinazigwira kumanja, ndinatsika. Ndinaganiza kuti iye adutse yekha, apereke chipepesocho, ine ndizungulire kutchire tikakumane kutsogolo. Sindinamuuze zimenezi, ndinkayesa kuti n'zodziwikiratu kwa mwana woleredwa bwino.

Kutchire kwake sikunali kwa masewera. Ndinatsetsereka m'ngalande, matope anandilandira mpaka m'mawondo. Ndinatuluka chokwawa, ndinalowa m'chisoso chouma, chisoso chinandikonda, chinamata chitenje chonse. Mpango unatsala pamtengo waminga, ndinabwerera kukaupempha. Kumsewu mahutala anayamba kulira, pipi uyu, pipi uyo, ine n'kumati anthu a m'tauni alibe ulemu, kuliza mahutala pamaliro. Sindinadziwe kuti ankalizira ife, chifukwa mwana wa mchimwene wanga anali atasiya galimoto pakati pa mzere n'kumandithamangira.

Asanandipeze iye, anandipeza mlonda wa pamalopo, bambo wa imvi pang'ono, wovala chovala chowala. Anandiimitsa pafupi ndi waya n'kundifunsa kumene ndikupita ndi chimene ndanyamula. Ndinagwada pang'ono, ndinatsitsa mawu monga timachitira pasiwa.

"Pepani bambo ndi zovutazi. Ine sindingalowe, ndikupita kukhanda. Koma atisiya ndani?"

Anandiyang'ana, anayang'ana chidenga chija, anandiyang'ananso.

"Atisiya kuti, agogo?"

"Apa. Anali a boma eti? Chipepeso chake ndachiona, si cha munthu wamba."

Bambo uja anayesa kugwira pakamwa, koma zinakanika. Anakhala pansi pa simenti ya ngalande, anaseka mpaka misozi, mpaka chitsokomolo. Mwana wa mchimwene wanga anafika ali wefuwefu, mlonda anayesa kumufotokozera koma mawu ankathyokera m'kamwa. Atamva, nayenso anagwira m'mimba. Ine ndili chiimire, nsapato kumanja, matope akuuma m'miyendo.

Sindinagonje msanga, pakuti umboni ndinali nawo. Ndinafunsa za masamba. Mlonda anati lole ija yafa injini, ndipo madalaivala akasowa zikwangwani amaika nthambi kuti anzawo asawagunde. Ndinafunsa za adzukulu aja. Anati ndi eni ake a lole, akudikira makaniko. Za wa njinga anati watsika chifukwa katundu wamulemera. Ndinaloza mwana wa mchimwene wanga, ndinati nanga uyu anavuliranji chipewa? Anati azakhali, ndalama ya pageti ndimaisunga m'chipewa kuti isasakanikirane ndi ya mafuta. Nanga nkhope ya chisoni ija? Anati imeneyo ndiye inali yeniyeni.

Ndinauza mlonda kuti alumbire kuti pamalopo sipanafe munthu, lero kapena dzulo.

"Ndikulumbira, agogo. Pano pamafa matumba a madalaivala okha."

Ndinati ndikaone ndekha. Pamenepo n'kuti akuluakulu a pamalopo ataitana mwana wa mchimwene wanga kuti achotse galimoto pamzere, aiike pambali, akafotokoze chifukwa chake anatseka njira. Mlonda ananditenga ngati mlendo wolemekezeka mpaka pa kawindo kamodzi. Mkati munali mtsikana wa zikhadabo zopaka utoto, atakhala pampando wozungulira, patsogolo pake kamakina kotulutsa timapepala. Bokosi la maliro munalibe, nkhata za maluwa munalibe. Mtima unakhala pansi, ndipo utakhala pansi manyazi anabwera, ndipo manyazi anga akabwera amabwera ndi pakamwa.

Ndinafunsa mtsikana uja kuti ngati palibe womwalira, ndalama zonsezi n'zachiyani. Anayankha mwaulemu kuti n'zokonzera misewu. Ndinati misewu iti. Anati ya m'dziko muno. Ndinamufunsa ngati ku Neno akukudziwa, anati anaphunzira kusukulu kuti kuliko.

"Mwana wanga, kwathu wotseka msewu amakhala ndi khasu m'manja, ndipo dzenje limene wakwirira umaliona ndi maso. Khasu lanu lili kuti?"

"Ine ndimangolandira, agogo. A makasu ali kwina."

"Kwinako akuwadziwa mayi awo ndani, kuti akalakwitsa akawanenere?"

Anaseka, anati funso limenelo likufunika akuluakulu, ndipo ndisunthe pang'ono chifukwa minibasi ikufuna kulipira.

Koma moto ndinali nditauyatsa kale. Dalaivala wa minibasiyo anatulutsa mutu n'kunena kuti agogowa akunena zoona, iye amadutsa pamenepo kupita ndi kubwera tsiku lonse, ulendo uliwonse dzanja m'thumba, koma matayala akuphulikabe m'maenje. Mayi wina wokwera kumbuyo anamudula, anati inu musalire, mumangotiwonjezera mtengo, olipira enieni ndife amene tilibe ngakhale tayala limodzi. Wa lole wina, wodikira pamzere wa pambali, anati iye wayenda maiko, kwina amalipira zoposa pano, koma msewu wake ungayalepo ufa. Anati kulipira si vuto, vuto ndi kulipira maso ako akuona maenje. Ine ndinali pakati pawo ngati wapampando, ndikuvomera uyu, ndikudzudzula uyo, chisoso chili thupi lonse. Ine amene chibadwire sindinakhalepo ndi wilibala, ndinaweruza nkhani ya magalimoto a dziko lonse, ndipo ndinkamva kukoma.

Chinandidzutsa ndi chithunzithunzi changa. Ndinayang'ana pansi, ndinaona chatuluka kunsi kwa mapazi, chayamba kutalika. Dzuwa linali litapendeka, ine ndili pamsonkhano wa misewu. Ndinathamangira kugalimoto, ndinapeza mwana wa mchimwene wanga atamasulidwa, atangodzudzulidwa ndi pakamwa, ali pa foni. Ndinati tiye, tiye, tiye. Anapereka ndalama yake pawindo, analandira kapepala, mtengo wa chitsulo unadzuka wokha popanda wougwira. Ngakhale zinali choncho, polowa pansi pa chidengacho ndinatsinzina.

Sitinapite patali, galimoto inagwa m'dzenje, mutu wanga unapatsanso moni denga. Iye anati mwamva azakhali, ndi chimene tagula chija. Ndinati ndiye bwanji osadzera yachidule yaulere? Anati yaulereyo ndi imene imadula. Anati zimene amawononga kwa owotcherera zitsulo akayenda kamodzi m'mapiri athu zimaposa za pageti kutalitali, ndipo manachesi akafika ataphwanyika amagulitsa motaya. Chimene chimamuwawa n'chakuti amalipira msewu wa eni, wa kwawo ukumuthyolera galimoto, ndipo pobwerera wopanda katundu amalipiranso chimodzimodzi. Anati tsiku limene tala adzakwere mpaka kwathu, aike geti pa Matandani pomwe, azidzalipira akuimba ngati ine.

Ine sindinaimbe. Ndinali kuyang'ana dzuwa, dzuwa likundithawa. Ndinkachotsa chisoso chimodzichimodzi n'kumaponya pawindo, ndikuona m'maganizo asewere atanyamula mdzukulu wanga pabwalo, anthu akululuta, ine kulibe. Ndinkakonza mawu oti ndikanene. Ndinati ndikanena kuti tayala linaphulika. Ndinapempha mwana wa mchimwene wanga kuti tigwirizane bodza limeneli, iye anangoti kwachedwa azakhali, foni ija ndimalankhula ndi alamu, ndawauza zonse.

Tinafika zithunzithunzi za nyumba zitagona pansi. Pabwalo panali anthu, mikeka yoyala, koma nthungululu sindinaimve. Nditangotsika onse anakhala chete, amuna anavula zipewa, amayi anaweramitsa mitu, mapewa okha akugwedezeka. Pakhomo pa nyumba panali mipando iwiri, pamwamba pake atapingasa munsi, ndipo kuseri kwa munsiwo kunaima asewere, manja m'chiuno.

"Pepani ndi maliro, asewere. Mwaika bwino?"

Bwalo lonse linaphulika. Ine ndinalibe mphamvu yoseka, ndinangofunsa chimodzi chokha, ngati mwana watuluka kale. Asewere anandiyang'ana kuyambira kumpango wong'ambika mpaka kumatope a m'zala.

"Madzi osambitsira khanda ndakhala ndikuwabwezera pamoto. Mwana ali m'nyumba. Munthu wolowa m'ngalande kuopa kudetsa mdzukulu wanga, ndingamulande ntchito? Koma geti ili ndi lolipira, ndipo kuzungulira kulibe."

Ndinafunsa mtengo wake. Anati ndalama za ku Neno sazilandira, ndivine. Ndinaponya nsapato uko. Ndinavina ine, ndi matope anga, ndi chisoso changa, ndi msana wophwanyidwa ndi msewu, ndinatsika mpaka pansi, ndinadzuka, ndinatsikanso, amayi akuwomba m'manja. Asewere anati zakwana, ine ndinati ndiwonjezera ya pobwerera. Geti limenelo ndinalipira mosanyinyirika, pakuti chimene ndinkagula ndinkachimva chikulira kuseri kwa chitseko.

Anandisambitsa kaye ine, khanda lisanasambe, anandibwereka chitenje cha asewere chimene chinandizungulira ngati bulangete. Kenako munsi unachotsedwa. M'chipindamo mwana wanga anali atakhala pamphasa, wowonda pang'ono, maso akuwala. Anangotambasula manja n'kundipatsa kamwanako. Kanali kopepuka ngati mtolo wa thonje, kofunda, katsitsi kali bii, tizala tikufuna chogwira. Ndinakasambitsa pang'onopang'ono, kuyambira kumutu, kanalira mokwiya ngati kakufunsa kumene ndinachedwa. Ndinakapukuta, ndinakakulunga, ndinakaika pachifuwa, ndinatuluka nako dzuwa lisanalowe, kuwala kotsala kunakagwera pamphumi, kanatsinzina, ndipo nthungululu imene inadikira tsiku lonse inang'amba bwalo.

Analipo asewere anga, akulira misozi poyera, mawu a belu aja atasanduka a kamwana. Analipo amuna awo, ndi ndodo yawo, akuvina ndi mapewa okha. Analipo mkamwini wanga, akuseka ngati wopusa, osadziwa poika manja. Analipo alongo ake awiri ndi ana awo, ndi azakhali ake ochokera ku Balaka amene anabwera ndi beseni latsopano. Analipo mwana wanga woyamba, amene anakwera basi kuchokera ku Blantyre osandiuza. Analipo amayi a kumpingo ndi mipango yawo yoyera, amayi a mumsika anzawo a asewere, aphunzitsi anzake a mkamwini, namwino amene anachiritsa mwana wanga, ataweruka kuntchito ndi yunifomu yake, eni nyumba ndi akazi awo, mayi woyandikana nyumba amene ankatungira mwana wanga madzi miyezi yotsiriza, agogo ena osaona a kuseri kwa tchalitchi amene anapempha kuti angokagwira kaphazi, ndi mwana wa mchimwene wanga, amene anayenera kukhala ali panjira ya ku Lilongwe, koma anazimitsa galimoto n'kukhala pamkeka.